Dzuwa lonseli n'kumasowa vitamini D?

Achemwali anga, omwe ndi namwino, anandiuza kuti vitamini D khungu limapanga lokha likaombedwa ndi dzuwa, chiwindi ndi impso n'kumalizitsa ntchitoyo. Ndinayang'ana mikono yanga. Ine ndimalima ku Lisungwi, kumene mu Okutobala mchenga umaotcha mapazi, mbuzi zili wefuwefu pansi pa mlambe. Ndiye ndinafunsa: achemwali, chinthu chogwa kumwamba tsiku ndi tsiku tingachisowe bwanji?

Akuti zimatheka. Mu 2020 akatswiri anaphatikiza kafukufuku wa m'maiko ambiri a mu Africa, n'kupeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ali naye wochepa m'magazi. Khungu lakuda akuti limatchinga ina mwa mphamvu ya dzuwayo. Kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre anayezapo odwala TB, ambiri anapezeka naye woperewera. Ngakhale mankhwala enieniwo, rifampicin wa TB ndi efavirenz wa ma ARV, amamuchepetsa m'thupi. Apa mtima unandipweteka, pokumbukira abale anga amene amakwera zitunda wapansi kukalandira mankhwala ku Neno, kumene a Abwenzi Pa Za Umoyo akhala akuthandiza kuyambira 2007.

Ndiye bwanji osangowapatsa onse mapiritsi a vitaminiyu?

Achemwali anapukusa mutu. Akuti zinayesedwa kale. Ku Dar es Salaam anthu 4,000 oyamba kumene ma ARV anawagawa pawiri, ena kulandira vitamini D, ena piritsi lopanda mankhwala. Imfa sizinachepe, TB nayo sinachepe. Ku Mongolia ana asukulu oposa 8,000 anawatsata zaka zitatu. Vitamini anakwera ndithu m'magazi mwa amene ankamwa, koma kachilombo ka TB kanawalowa mofanana ndi anzawo.

Pamenepa mpomwe mutu wanga waima. Ngati wodwala ali naye wochepa, n'chifukwa chiyani kumuonjezera sikumuteteza? Kodi kuchepako ndiko kumabweretsa matenda, kapena matenda ndiwo amagoneka munthu m'nyumba miyezi, osaona dzuwa, osadya bwino, vitamini n'kutha? Chinayamba n'chiti? Ndikufunsa chifukwa mabotolo ake ndawaona m'mafamase ku Blantyre, ndipo anthu amagulitsa nkhuku kuti agule.

Za mafupa zokha achemwali sanazengereze. Mwana akasowa vitaminiyu mafupa amafewa, miyendo n'kuchita matewe. Komabe ku Jos, ku Nigeria, madokotala anapeza mu 1999 kuti ana amatewe kumeneko ankachira bwino ndi kashiamu kusiyana ndi vitamini D payekha. Kashiamuyo si uja ali m'minga ya usipa ndi matemba, tikamadya chathunthu ndi mitu yomwe?

Kwa aneba kuli kamwana ka zaka ziwiri, kakaima mawondo amatalikirana moti galu wamng'ono atha kudutsa pakati. Amayi ake anandifunsa dzulo ngati agule botolo lija kapena mulu wa usipa pa Zalewa. Achemwali akuti ayambe apita nako kusikelo akakaone adokotala. Lachiwiri ndikawakweza panjinga.