Ndingofunsako za bokosi la bezi

Kodi gitala ya zingwe zinayi ingafune bwanji bokosi lalikulu kuposa gitala ya zingwe zisanu ndi chimodzi? Ine kuimba sindidziwa. Ku kwaya ya kutchalitchi kwathu kuno ku Masasa anandiika pa usungichuma chifukwa ndimatha kuwerenga ndalama, komanso kukana sikundivuta. Ndiye anyamata atabwera ndi pempho loti mwana wa mlongo wanga, amene amaimba bezi, agulidwire ampu yakeyake, ndinayambira pomwepo. Ampu ya gitala ilipo kale, ili ndi mabowo awiri. Bwanji osangobaya pa bowo linalo?

"Asibweni, sipika ing'ambika," anatero mnyamatayo.

Ing'ambika ndi chiyani, poti mawu alibe mano? Anandilongosolera moleza mtima. Chingwe chonenepa kwambiri cha bezi chimanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, pamene chonenepa cha gitala wamba chimanjenjemera ka 82. Kuti mawu otsika chonchi amveke, pepala la sipika liyenera kukankha mpweya wambiri, kupita kutsogolo ndi kubwerera mtunda wautali. Sipika ya gitala anaipangira kuvina pafupi, ndipo bokosi lake nthawi zambiri limakhala lotsegula kumbuyo. Mukaimbiramo bezi motsitsa ipirira, koma mukakweza iyamba kuphwephwetha, kenako basi. Akuti ngakhale Leo Fender wa ku America, atatulutsa gitala yake ya Precision Bass mu 1951, chaka chotsatira anatulutsanso ampu yake yotchedwa Bassman. Ndiye kuti mkuluyo anagulitsa mbuzi, kenako n'kudzagulitsanso chingwe chomangira?

Chabwino, tigule. Koma iti?

M'sitolo ina m'tauni ndinaona chisipika chachitali kufika m'chiuno, cha matayala, choyaka magetsi ofiira ndi obiriwira, ndipo pakatoni analemba mawati masauzande. Pa foni ya mphwangayo panali chithunzi cha kabokosi kakuda kopanda chokongoletsa, Fender Rumble 40, mawati 40 okha, koma mtengo wake woposa wa chisipika chija. Kusukulu tinaphunzira kuti masauzande amaposa 40. Kodi masamu anasintha liti?

Yankho lake linali lakuti mawati alipo amitundu iwiri. Alipo olembedwa PMPO, amene amawerenga mphamvu imene chinthucho chingatulutse kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira, ndipo wopanga aliyense amawerenga mmene akufunira. Ndiye alipo a RMS, oonetsa mphamvu imene chingatulutse mosalekeza nyimbo yonse. Apa ndinafunsa funso limene ndimalinyadirabe. Kumbuyo kwa chipangizo chilichonse, pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi, amalemba mawati amene chimadya kuchokera pakhoma. Ngati chimadya makumi angapo okha, masauzande enawo chikuwatenga kuti? Wogulitsa anati ndimafunsa ngati wapolisi.

Ndinaganiza kuti tsopano ndamvetsa: ya mawati 100 imalira kawiri kuposa ya 50. Ayinso. Akuti mukawirikiza mawati kawiri khutu limangomva kusintha pang'ono, ndipo kuti limve ngati phokoso lawirikiza pamafunika mphamvu yochuluka kakhumi. Nanga ndalama zowonjezerazo tikulipirira chiyani? Tikulipirira kuti mawu otsika atuluke oyera pamene ena onse akuimba, osati kuti bezi ikhale pamwamba pa anzake. Pophunzira m'chipinda, mawati 15 kapena 25 ndi sipika ya mainchesi 8 n'zokwanira. Pa kwaya ya kiyibodi ndi magitala, ya 40 yokhala ndi sipika ya mainchesi 10 imayesetsa. Koma pakangokhala munthu pa ng'oma zachizungu zija, zambalezo, ampu yaing'ono imamira, ndipo pamafunika ya mawati 100 kapena kuposa, sipika yake ya mainchesi 12 kapena 15.

Ndiye kuti ndalama zonsezi zikupita chifukwa cha munthu mmodzi? Bwanji osangomupempha wang'omayo kuti azimenya pang'ono? Anyamata onse anaseka mpaka wina kugwira khoma. Akuti chikhalire dziko, zimenezo sizinachitikepo.

Funso limene palibe amene anali ataliganizira ndi la phiri. Amene sanafike ku Masasa asamve ngati ndikukokomeza: nyumba zambiri kuno zili pa zitunda ndi m'zigwa, ndipo tinjira totsikira kumunsi galimoto silowa. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, dothi lofiirali likanyowa limaterera, ndipo munthu wopanda katundu yemwe amatsika chammbali atagwira udzu. Mkulu wina wa bandi anatiuza kuti akugulitsa Peavey TNT yakale ya mainchesi 15, ndipo anailiza ife tili pomwepo. Mawu ake ndinawamvera m'mimba. Koma pofuna kuisuntha pamafunika amuna awiri, ndipo wa sakaramento atangoiyang'ana anati njinga yake ili ndi ana oti iwadyetse. Zatsopanozi n'zopepuka modabwitsa: Rumble 100 imalemera makilogalamu 10 okha, mwana wa sukulu atha kuinyamula ndi dzanja limodzi, bezi ili kumsana. Akuti n'chifukwa choti mkati mwake mulibenso chithiransifoma cholemera chija.

Ndiye yopepukayo ndiyo yabwino? Ndinakafunsa bambo wina wokonza mawailesi, wa magalasi omanga ndi ulusi, amene tebulo lake ladzaza timawaya ndi fungo la mtovu wosungunuka. Anati zakalezo amazikonda chifukwa akatsegula amaona chimene chapsa, n'kuchichotsa, n'kuikapo china chochokera mu wailesi yakufa. Zatsopanozi tizipangizo take n'tating'ono kwambiri, tomatidwa pa bolodi, ndipo zikapsa kawirikawiri pamafunika bolodi yonse, yoitanitsa kunja. Choncho yolemera imakonzeka koma sinyamulika, yopepuka imanyamulika koma ikafa maliro ake ndi aatali. Kodi palibe amene anaganiza zopanga yapakati? Bamboyo anati ndikafunse azungu.

Za kupsazi zinandipatsa mantha, chifukwa magetsi athu tonse timawadziwa. Kuthima kwake si vuto kwenikweni. Vuto ndi pobwera, pamene nthawi zina amabwera ndi ukali. Ndiye ampu imafunanso kachipangizo koteteza konga kamene timaika pa firiji, kamene kamadikira kaye magetsi akhazikike. Ku ukwati kumene kuli jenereta, akuti ampu iziyatsidwa pomaliza jenereta itakhazikika, ndipo izithimitsidwa poyamba. Komanso wachibale wa ku America akafuna kutithandiza, tiyambe tamufunsa zimene zalembedwa kumbuyo, chifukwa kumeneko magetsi ndi mavoti 120 pamene kuno ndi 230, ndipo yolembedwa 120 yokha ikalowa pakhoma lathu imaimba kamodzi kokha, nyimbo ya utsi. Za ku Joni mavoti ndi ofanana ndi athu, kungoti pulagi yake ndi ya mano obulungira. Ndinafunsa ngati sitingangodula pulagiyo n'kulowetsa mawaya awiri ndi timitengo ta machesi, monga timachitira ndi mbaula. Mphwangayo anandikumbutsa kuti zingwe za bezi n'zachitsulo, ndipo zala zimene zimakhalapo ndi zake. Waya wachitatu uja, wa pansi, ndi umene umamuteteza, komanso umachepetsa kung'ung'udza kumene kumamveka mu sipika.

Pali kabowo kena kumbuyo kwa ampu zina, ka mano atatu, kotchedwa XLR, ndipo anyamata amakalemekeza kwambiri. Pa chinkhoswe kapena pa ukwati eni ake amakhala atabwereka kale zokuzira mawu zikuluzikulu, ndiye chingwe chimachoka pa kabowoko kupita ku mikisa, bezi n'kumatulukira m'masipika aakuluwo. Ampu yaing'onoyo imangotsala yoti woimbayo azidzimvera. Rumble 40 ili nako, Rumble 25 ilibe. Nanga ngati masipika a eni ukwati ndi amene akugwira ntchito, ife tikugula chiyani? Si pali kabokosi kotchipa, ka DI, kolumikiza bezi ku mikisa mwachindunji? Kalipo, anavomera, ndipo ambiri amaimba choncho. Koma woimba bezi amene sakudzimva amasochera, ndipo akasochera iye kwaya yonse imatsimphina. Komanso kunyumba kulibe mikisa.

Kunyumbako ndiye kuli nkhani ina. Nyumba zathu n'zoyandikana, woyetsemula kuno amayankhidwa ndi a nyumba inayo. Mawu a bezi salemekeza khoma; amadutsa njerwa, malata n'kumanjenjemera, mbale m'kabati n'kumayankhira. Ndiye ampu yophunzirira iyenera kukhala ndi pobaya mahedifoni, ndi pena polowetsa nyimbo za pa foni kuti aziimba motsatira. Ndinafunsanso: ngati aziimbira m'makutu mwake, sipikayo ndi ya chiyani? Apa anakanda mutu, n'kuvomera kuti kuli tina tating'ono tonga Vox amPlug, tobaya pa gitala penipeni, toyendera mabatire awiri, toti magetsi athime kaya asathime iye aziphunzirabe. Koma pa ukwati sungagawire anthu mahedifoni.

Mtengo sindiutchula, chifukwa umene munamva mwezi watha si wa lero. Zinthuzi zimachokera kunja, zina kudzera ku Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, zina pa basi kuchokera ku Johannesburg, ndipo chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, yatsopano yakhala ya anthu ena. Ambiri amagula yogwiritsidwapo kale ntchito. Poyesa, akuti upite ndi bezi yako ndi chingwe chako, ulize chingwe chonenepa chija mokweza, umvetsere ngati mkati muli chophwephwetha kapena chokhulana. Upotokole batani lililonse, umve ngati likukanda. Uisiye yoyaka kwa theka la ola, chifukwa zina zimadwala zikatentha, kenako ununkhize kumbuyo. Uyang'anenso pepala la sipika ndi tochi, poti chinyezi cha kuno chimalifewetsa, n'chifukwa chake ampu siyenera kugona pansi pa simenti. Nanga wogulitsa akati magetsi kulibe lero, ingotengani mukayesere kwanu? Funso limeneli lokha ndinadziyankha ndekha.

Chimene sindinamvetsebe ndi cha ku Nkhata Bay, pafupi pomwepa. Gasper Nali amaimba babatoni, mtengo wautali wa waya umodzi ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, kamtengo kudzanja lina, botolo kudzanja lina, ndipo mawu ake otsika anthu amavina osafunsa za mawati. A Madalitso Band anafika nayo babatoni mpaka ku Ulaya. Bwanji ife osasema yathu? Mphwangayo anati nyimbo za kwaya zimasinthasintha makiyi, waya umodzi sungathamange nazo, ndipo oimba babatoniwo akakwera pa nsanja yaikulu nawonso amaikirapo maikolofoni. Mwina akunena zoona. Ine ndikuganiza kuti akuopanso kusekedwa ndi atsikana a soprano.

Komiti inagwirizana kuti tifunefune yopepuka, ya sipika ya mainchesi 12, ya kabowo ka mano atatu kaja, yakale koma yamoyo, pamodzi ndi choteteza magetsi. Ndalama za m'thumba la kwaya zikukwana theka, zotsalazo tichita pepa sande. Koma ndisanasaine ndafunsa chinthu chimodzi chimene mpaka pano sanandiyankhe. Lamlungu ampu idzaimba m'tchalitchi, zimenezo zamveka. Nanga Loweruka, mnyamatayu akadzainyamula kupita nayo ku ukwati ku Chibavi kapena ku Katoto n'kulandirako kangachepe, kangachepeko kadzalowa m'buku langa kapena m'thumba mwake?