Safunsa anadya phula, nanga wofunsa?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma anthufe mwambiwu timangoudziwa pakamwa. Bambo wabwinobwino amalolera kuzungulira tauni mpaka mafuta kutha m'galimoto kusiyana n'kutsitsa galasi n'kufunsa njira. Amene akusunga mwambiwu mokhulupirika masiku ano ndi foni ili m'thumba mwanuyo.

Mukangoilumikiza ku Wi-Fi yoyendera IPv6, imafika ngati mlendo wa ulemu wake. Imadzipangira adiresi yoyamba ndi fe80, yongogwira ntchito pakhomo pomwepo, koma siyamba kuigwiritsa ntchito isanafunse kuti, "Kodi dzina limeneli lili ndi mwini wake muno?" Imatchera khutu pafupifupi sekondi imodzi. Kukakhala zii, imati basi, ndi langa. Inu yesani kutenga munda mwanjira imeneyi, muone ngati simugona pabwalo la amfumu.

Ikatero imaponya funso lachiwiri, Router Solicitation, lopita kwa marauta okhaokha: chipata chotulukira kunja n'chiti? Rauta imayankha ndi Router Advertisement, n'kuipatsa theka loyamba la adiresi ya pa intaneti, mabiti 64 mwa 128. Theka linalo foni imamaliza yokha, popanda kalaliki, popanda mzere. Rautayo ndi yolongolola ndithu: ngakhale pasakhale woifunsa, imabwereza chilengezo chake mphindi 10 zisanadutse.

Pamene ndimaivulira chipewa ndi pofunafuna anansi. Mu IPv4, njira ya ARP ya mu 1982 imakuwira aliyense. Kompyuta ikafuna pulinta, zipangizo zonse m'ofesi zimayenera kumva, ngakhale zomwe nkhaniyo siikuzikhudza. Mu IPv6, Neighbor Discovery, yomwe bungwe la IETF linalongosola mu RFC 4861 m'chaka cha 2007, ili ndi mwambo. Funso limapita kwa okhawo amene mabiti 24 omalizira a adiresi yawo akufanana ndi a wofunidwayo, ndipo nthawi zambiri ameneyo amakhala mmodzi. Ena onse amapitiriza tulo tawo. Foni ikamupeza siimukhulupirira mpaka kalekale. Pakadutsa masekondi ngati 30 osamva za iye imayamba kukayika, ndipo ikadzamufunanso imagogoda katatu. Akapanda kuyankha, imamufufuta m'kaundula popanda mwambo wa maliro.

Chomwe akuluakulu aja sanatiuze n'chakuti wofunsa nayenso amadya phula akafunsa wolakwika. Foni imakhulupirira aliyense woyankha molimba mtima. Laputopu ya munthu wina itakonzedwa molakwika, kapena ya kamberembere wochita dala, ikhoza kulengeza kuti, "Rauta ndine," zipangizo n'kuyamba kuitsatira m'chigulugulu. Umboni womwe foni imayang'ana ndi wochepa: kodi uthengawo wachokera ku adiresi ya fe80, ndipo nambala yake ya hop limit ikadali 255? Nambalayi imatsika uthenga ukadutsa pa rauta iliyonse, choncho 255 imangosonyeza kuti wolankhulayo ndi wa m'mudzi momwemo. Ngati kuti wa m'mudzi sanama!

Mu 2005 akatswiri anabweretsa SEND, njira yoti woyankha azionetsa chidindo chotsimikizira kuti ndi iyedi. Inakhala yovuta kukhazikitsa, ndipo ochuluka anaisiya papepala pomwepo. M'malo mwake oyang'anira netiweki amayatsa RA Guard pa switch, mlonda wotseka pakamwa aliyense wodzitcha rauta pamalo pomwe sipayenera kukhala rauta. Tsoka lake, tima switch totchipa tomwe maofesi ang'onoang'ono amagula tilibe mlonda ameneyu.