Mjeremani wa ku Kapichila

Kuno ku Kapichila munthu akapita ku Chipata amabwera ndi buledi. Akapita ku Lusaka amabwera ndi foni yatsopano ndi Chinyanja chopindika. Msuweni wanga anapita ku Berlin miyezi itatu kukaphunzira Chijeremani, ndipo anabwera ndi satifiketi ya A1, wotchi, ndi matenda oyang'ana pamkono munthu ali mkati moyankhula.

Ananyamuka mu June, ife tikuwotha moto ndi kukumba mbewa. Chithunzi choyamba pa WhatsApp chinamuonetsa ataima pa Brandenburger Tor, malaya a manja aafupi, kunja kuli ngwee, pansi pake atalemba kuti nthawi ndi 21 hours. Amayi ake anagwira kukamwa: mwana wangofika kumene, wayamba kale bodza. Aphunzitsi a jogalafe anayesa kufotokoza kuti kumeneko June ndi nyengo yotentha ndipo dzuwa limachedwa kulowa. Amayi anamvetsera mwaulemu, kenako anafunsa, "Nanga nkhuku zawo zimagona liti?"

Atabwerako, lamulo loyamba linali lakuti aliyense wofuna kumuona azidziwitsiratu tsiku ndi ola, chifukwa ku Germany palibe amene amangotulukira pakhomo pa mnzake. Lamulolo linagwira ntchito mpaka m'mawa mwake, pamene ambuya anafika ndi ndodo yawo n'kuchita odi.

"Ambuya, mukanandiuziratu kuti mukubwera."

"Iwe pobadwa unauziratu ndani? Tenga mpando uko."

Moni nayenso anamuvuta. Moni wa kuno amayambira pa munthu, n'kudutsa pa ana, pa odwala, pa ng'ombe, pa mtengo wa soya, ndipo amathera pa funso lakuti a FRA alipira liti za chimanga. Msuweni ankadula zonsezi ndi kamawu kamodzi ka Chijeremani, n'kuyang'ana wotchi. Atsibweni analeza mtima mpaka anamva zakuti khoma la Berlin, lomangidwa mu 1961, linagwa mu 1989. Iwo ndi mmisiri womanga nyumba, ndiye anawerengetsera pa zala.

"Zaka 28 basi? Pamenepo mphwanga, wina anaba simenti."

Aphunzitsi aakulu opuma ntchito anabwera ndi mlandu wolemera kuposa apa. Anafuna kudziwa ngati mnyamatayo anakaona malo amene Bismarck anasonkhanitsira azungu anzake kuyambira mu November 1884 mpaka February 1885 kuti agwirizane za kagawidwe ka Africa. Kwa iwo, msonkhano umenewo ndiwo unachititsa kuti mlongo wawo wokwatiwa kutsidya kwa Lusuntha akhale Mmalawi. Mzere wa pa Lusuntha anajambula ndi Angelezi, koma palibe amene amawongola aphunzitsi aakulu. Anapitiriza kuti Ajeremani sitikuwamvera kwa iye, popeza mkulu wa asilikali awo, von Lettow-Vorbeck, anatula mfuti ku Mbala kwathu konkuno pa 25 November 1918. Msuweni anayankha kuti zimenezo sizinali pa silabasi ya A1.

Chimene chinamuphera mbiri ndi Loweruka lija anaitana anzake ku Castle Hotel ku boma. Nyumba imeneyi, yomangidwa ndi DC Errol Button, ife timaionetsa mlendo aliyense monyadira. Iye anaiyang'ana kuchokera pansi mpaka kunsanja n'kunena kuti ku Germany ikanakhala nyumba ya mlonda. Anzake anameza mawuwo chifukwa ankanunkhiza ma euro. Amene masiku onse amamwa Chibuku anaitanitsa Mosi, amene anadya kale kunyumba anaitanitsanso nkhuku. Bilu itafika, msuweni anatulutsa cholembera n'kuyamba kugawa: uyu zake, uyu zake. Anati ku Berlin woperekera zakudya amachita kufunsa ngati mulipira pamodzi kapena aliyense payekha. Kuno woitana ndiye wolipira, ndipo lamulo limeneli ndi lakale kuposa hoteloyo. Wina anasiya foni ngati chikole, wina anapita kukataya madzi ndipo anaonekanso Lachiwiri.

Ine ndinapirira naye usiku umenewo, ndipo botolo lachitatu linamasula lilime. Anandiuza kuti ku Berlin munthu ukangoyamba Chijeremani chotsimphina, amakuyankha m'Chingelezi kuti nkhani ithe msanga. M'kalasi munali a ku Syria, a ku Brazil ndi a ku Korea, ndipo nthawi yopuma onse ankathawira ku Chingelezi. Yekhayo amene ankamudikira kuti amalize chiganizo anali bambo wa ku Turkey wogulitsa döner ku Kreuzberg. Motero Chijeremani cha msuweni wanga ndi champhamvu kwambiri pa nkhani ya anyezi, tsabola ndi chenji.

Ambuya amayankhula Chitumbuka, Chichewa, Chibemba chimene anatola ku Kitwe, ndipo akakwiya amatukwana m'Chilapalapa cha malemu amuna awo. Pakhoma pawo palibe pepala lililonse kupatula kalendala ya tchalitchi. Koma satifiketi ya mdzukulu anaiika m'felemu iwo omwe, ndipo alendo akabwera amaitsitsa kuti aigwireko.

Mayeso enieni anabwera ndi galimoto ya azungu awiri opita ku Luambe, imene inaima pafupi ndi msika tayala litaphwa. Wina atamva kuti ndi Ajeremani, anathamangitsa njinga yamoto kukatenga katswiri. Msuweni anafika atakonza kolala, anapereka moni, anatchula dzina lake, anawauza kuti amachokera ku Zambia. Mayi wachizunguyo anasangalala, n'kutsegula mpopi wa Chijeremani kwa mphindi zingapo osapuma. Msuweni ankangogwedeza mutu: "Genau. Genau." Msika wonse unaomba m'manja, azimayi a tomato analulutira.

"Akuti chiyani?" anafunsa atsibweni.

"Akuti dziko lathu ndi lokongola, koma fumbi."

Pamenepo n'kuti kamnyamata kogulitsa zitumbuwa, kamene kanangoyang'ana tayalalo, katabwera kale ndi pampu.

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zinatembenuka. Anthu amene kale ankamutcha "a Genau" momuseka anayamba kumutcha choncho atavula chipewa. Kunamvekanso kuti Germany ikufuna anamwino, bola munthu akhale ndi Chijeremani cha B1 kapena B2. Azakhali onse amene anakwiya ndi nkhani ya bilu anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ana aakazi a Grade 12 amene angokhala. Zakuti A1 ndi sitepe yoyambirira pa masitepe asanu ndi limodzi palibe anafunsa, ndipo msuweni sanaone chifukwa chosokonezera anthu.

Sukulu inatsegulidwa pansi pa mtengo wa mango, 14 hours osachedwa ndi mphindi imodzi yomwe, malipiro mwezi usanayambe. Ophunzira anafika cha m'ma 16 hours, atanyamula mtedza m'malo mwa ndalama, wina nkhuku, wina uthenga wakuti amayi akuti paja ndife achibale. Anapeza mphunzitsi kulibe. Anali atakumana ndi atsibweni panjira, ndipo moni anali asanafike pa ng'ombe.