Mafumu a usiku ndi anthu awo

Mu 2012 ku Amsterdam anasankha Mirik Milan kukhala meya wa usiku. London nayo inatengera mu 2016, n'kupereka mpando wotere kwa mayi Amy Lamé. Ntchito yake inali kuyanjanitsa eni makalabu, apolisi, akhonsolo ndi anthu oyandikana nawo amene tulo sakutiona chifukwa cha phokoso. Azakhali anga atamva nkhaniyi anayamba akhala duu, kenako n'kufunsa monong'ona: "Ndiye mayiyo amachita kuvomera yekha pagulu kuti ndi mfumu ya usiku? Boma n'kumamulipira? Nanga lichero lake amaimika pati?"

*

Ku Berlin kuli kalabu yotchedwa Berghain, m'chinyumba chomwe kale munkapangidwa magetsi. Baunsa wake wotchuka, Sven Marquardt, wa zojambula kumaso, ndi katswirinso wojambula zithunzi. Anthu amaima pamzere maola angapo mu chisanu, iye n'kungopukusa mutu, osanena chifukwa. Mu 2016 khoti linagamula kuti zochitika mmenemo ndi za luso ndi chikhalidwe, msonkho n'kutsika kuchoka pa 19 kufika pa 7 peresenti.

Baunsa wa kwathu kuno alibe nthawi yowerenga nkhope, iye amayang'ana nsapato. Usiku wina ku kalabu ina ku Lilongwe kunabwera kamnyamata koonda, kovala masilipasi, kachikwama kakuda kali kumsana.

"Iwe, kuno si kuchigayo. Bwerera."

Kamnyamatako sikanatsutse. Kanawoloka msewu, n'kukakhala pa chiwaya, n'kuitanitsa tchipisi cha mapwapwa awiri. Pasanathe theka la ola masipika analira kuti tswiii, n'kufa. DJ anagwira waya uyu, anagwira uyo, thukuta kamukamu. Bwana anatuluka akukalipa: "Injiniya wa saundi uja ali kuti? Ndamulipira kale theka!" Anamupeza pa chiwaya paja akuthira tsabola. Iye anati abwera, koma amalize kaye kudya, ndiponso chikwama chamulemera. Amene anachinyamula ndi manja awiri, akutsegula njira kuti "tapatukani, akulu adutse," anali baunsa yemwe uja.

*

Mu Okutobala 2021 kanema wa DJ wina wa amapiano akuvina kuseri kwa makina anafala dziko lonse. Dzina lake Uncle Waffles, wokulira ku Eswatini. Amene ankayembekezera malume a chimimba ndi chipewa anapeza kuti ndi mtsikana. Iye ndi anzake monga DBN Gogo akudzaza mabwalo, komabe pali abambo ena sanakhulupirirebe.

Mmodzi wa iwo anakwera pamene panali DJ wamkazi ku Blantyre, botolo lili m'manja. "Achemwali, inu ntchito yanu n'kuvina basi. Nyimbozi zimadziimba zokha, mumangodina batani."

Mtsikanayo anavula mahedifoni n'kumuveka. "Nawa mabatani, achimwene. Dinani."

Mkuluyo anasankha lalikulu kwambiri, lowala bwino. Nyimbo zii. M'kalabu monse munangotsala mawu a bambo wina pakona, chala chili m'khutu, akukuwa pa foni: "Mayi a Junior, ndati ndili ku maliro! Tikuimba za m'buku!"

*

Black Coffee wa ku South Africa anavulala dzanja lamanzere pa ngozi ya galimoto mu 1990 ali mnyamata, ndipo silinagwirenso ntchito. Amasakaniza nyimbo ndi dzanja limodzi, ndipo mu 2022 anatenga mphoto ya Grammy. Koma akanakhala wa pa njinga ya olumala, makalabu athu ambiri akanangowamvera panja. Ndinaona chikwangwani chokongola cholembedwa kuti aliyense ndi wolandiridwa, atachikhoma pamwamba pa masitepe otsetsereka ngati a pa nkhokwe. Mabaunsa awiri ananyamula bambo wina ndi njinga yake mpaka pamwamba, bwana akuwomba m'manja kuti anthu aone mtima wake wabwino.

"Zikomo," anatero bamboyo. "Nanga chimbudzi chili kuti?"

Chinali pansi.

*

Nyimbo za house zimene mabwana amatsekera nazo chipinda cha VIP zinayambira kwa anthu amene kwina ankabwezedwa pakhomo. DJ Frankie Knuckles anayamba kuimba mu 1977 ku Warehouse, mumzinda wa Chicago, komwe ovina ambiri anali akuda ndiponso amuna okonda amuna anzawo. Lero nyimbo zomwezo ukafuna kuzimva utakhala pa sofa, uyambe wagula botolo la mtengo wa lendi ya miyezi iwiri.

Za Chibuku ndiye zimandipha nazo kuseka. Mnyamata wa ku England, Will Jameson, atakhalako ku Malawi, anabwerera kwawo n'kuyambitsa ndi anzake gule wa usiku ku Liverpool, dzina lake Chibuku Shake Shake. Yemweyo ndiye anadzayambitsa chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars ku Chintheche mu 2004. Ana a ku Liverpool ankalipira mapaundi kuti alowe ku Chibuku, ambiri masese osawadziwa n'komwe kununkhira kwake. Mnzanga wina atamva izi analimba mtima, n'kupita pakhomo pa kalabu ina mu tauni, paketi ili m'manja, akuikhutchumula.

"Ku Ulaya chimenechi n'chapamwamba, bwana."

"Ndiye kamwereni konko," anatero baunsa, maso ali pa nsapato.