Malangizo kwa Vampaya Wongoyamba Kumene

Ndiye mwaganiza zolowa gulu la oyamwa magazi a m'mabuku? Khalani pansi kaye. Ntchitoyi imaoneka yaubwana mukamaonera Bela Lugosi mufilimu ya Dracula ya 1931, atavala chimkanjo chakuda chija, koma malamulo ake amaposa a kusukulu yogonera komweko.

Yambani ndi kusunga ndalama za mtengatenga. Count Dracula, amene Bram Stoker anamulemba mu 1897, sankapeza mpumulo pokhapokha atagona padothi la kwawo ku Transylvania. Posamukira ku England ananyamula mabokosi 50 a dothi pasitima yotchedwa Demeter, kuchokera ku Varna mpaka ku Whitby. Tangoganizani: mkulu wa zaka mazanamazana, wamphamvu ngati amuna 20, koma akamayenda ulendo katundu wake ndi dothi lokhalokha. Adani ake atadziwa zimenezi anangosaka mabokosiwo n'kumaikamo mkate wopatulika, bwana uja n'kusowa pogona ngati lendi wothamangitsidwa. Linamutsalira limodzi, ndipo ndi lomwe anathawa nalo. Inu mukamagawa mabokosi anu m'tauni, musamasiye adiresi kwa onyamula katundu.

Phunziraninso ulemu. Simungalowe m'nyumba ya munthu asanakuitaneni, ngakhale mano atalike bwanji. Mudzaima pakhomo n'kumati odi, odi, mpaka tambala kulira. Akadzati lowani, muyambe mwanunkhiza kukhitchini. Ngati ndiwo athira adyo, tsazikani mwaulemu.

Kalilole muiwale, simudzaonekamo. Dracula anagwidwa pomwepa, mlendo wake Jonathan Harker akumeta ndevu, ndipo mwaukali anataya kaliloleyo pawindo. Mungoyenda ndi chikhulupiriro chakuti tsitsi lili bwino.

Nkhani ya dzuwa ndiyo yofunika kufunsa musanasaine chilichonse, chifukwa imadalira amene akukulembani. Kwa Stoker, mukhoza kuyenda masana mu London, kungoti mphamvu zimachepa. Mukagwa m'manja mwa F. W. Murnau, monga anachitira Count Orlok mufilimu ya Nosferatu ya 1922, kukangocha mwasanduka utsi. Koma mukapita kwa Stephenie Meyer, amene anatulutsa Twilight mu 2005, dzuwa limangokunyezimiritsani khungu ngati mwadzola miyala ya mtengo wapatali, kenako mubwerere kusekondale ngakhale muli ndi zaka zoposa 100. Ine pa zitatuzi ndingasankhe utsi.

Kaya mumakhoza masamu? Nthano zina za ku Ulaya zimati munthu akamwaza timbewu panjira, vampaya amaima n'kuyamba kuwerenga kamodzikamodzi. Mwana akangotaya thumba la mapira, usiku wanu wathera pomwepo.

Amene akukuuzani kuti simudzafa akukunamizani. Dracula yemweyo anamupha ndi mipeni iwiri, wa Harker pakhosi ndi wa mnzake Quincey Morris pamtima, dzuwa likulowa, iye ali chigonere m'bokosi lake lomaliza lija.