Mmene mungaunikire chipangizo chatsopano kuti chituluke choyera

Mwapatsidwa ntchito yofufuza ngati masola, mabatire ndi mbaula zamakono zomwe zafika ku Mitundu ndi ku Nathenje zili zokomera chilengedwe. Mtima m'malo. Mukatsata malangizo awa, lipoti lanu silidzakhumudwitsa aliyense.

1. Yambani kuwerenga tsiku lomwe katundu watsika m'lole. Muyezo wa ISO 14040 umati chinthu chiunikidwe kuchokera kumgodi mpaka kudzala, koma ulendo umenewo ngwautali. Cobalt wa m'mabatire a lithium amakumbidwa kwambiri ku DRC, cha ku Kolwezi. Uko n'kwa eni, kusiyeni. Graphite, wolowa m'mabatire omwewo, anapezeka ku Malingunde, kufupi ndi Damu la Kamuzu lomwe limamwetsa mzinda wa Lilongwe. Apo ndiye pafupi kwambiri, yang'anani kumbali. Malasha oyendetsa mafakitale ku China, mafuta a sitima mpaka ku Beira, dizilo wa lole: zonsezi lembani ziro.

2. Pitani kamodzi kokha, tsiku logawa. Jambulani gogo akumwetulira pansi pa babu, basi. Sola ya padenga imatha kukhala zaka 20, pomwe batire ya mtovu kawirikawiri imafa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Inu lembani 20 pa zonse. Mabatire onse omwe banjalo lidzagule pakatipo ndi nkhani ya m'banja.

3. Batire ikafa, musaitsatire. Mukaitsata ikakufikitsani kuseli kwa okala, komwe mnyamata wokonza mawailesi akuiswa ndi chikwanje. Asidi amathira pansi, mtovu n'kuusungunula m'chitini pamakala, ana ataunjikana kuonerera, nkhuku zikutola pomwepo. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo suola. Umadikira mvula kuti iukokolere kudimba. Koma fomu ilibe malo a zonsezi, choncho lembani kuti anthu akumudzi amagwiritsanso ntchito zinthu zakale mwaluso.

4. Chilichonse chipulumutse Dzalanyama. Nkhalangoyi inakhala yotetezedwa mu 1922, mtsinje wa Lilongwe umachokera m'menemo, ndipo mu 2015 boma linachita kutumizako asilikali chifukwa cha ootcha makala. Dzina lotere limakometsa lipoti. Zoti nyale ya sola imalowa m'malo mwa kandulo, tochi ndi palafini, osati nkhuni, musazitchule. Nyale siphika nsima, koma papepala ikhoza. Chulukitsani nyale ndi mitengo, mupeze nkhalango. Chachikulu, musalawirire pamsewu wa Bunda, mungakumane ndi mdipiti wa njinga zosenza matumba a makala, zonse zikulowera mutauni, komwe kuli ogula enieni.

5. Werengani mbaula zogawidwa, osati zoyaka. Chitetezo mbaula imapulumutsadi nkhuni ikamagwiritsidwa ntchito. Ndiye funsani abambo, muli chiimire pabwalo, ngati imagwira. Adzati kwambiri. Osalowa m'khitchini, chifukwa mukapeza mafuwa akadali otentha, mphika waukulu wa nyemba uli pomwepo, mbaula yosweka kukamwa ili pakona, thadzi likuikiramo mazira. Amayi akayamba kufotokoza kuti n'chifukwa chiyani, yang'anani wotchi.

6. Pewani anthu okonda kuyeza. Ku Bunda, pamphuno pomwepa, kuli ophunzira a LUANAR omwe angatape dothi la kuseli kwa okala kuja n'kukaliyeza. Akatero mudzakhala ndi manambala, ndipo manambala sachedwa kufika ku MEPA, bungwe loteteza chilengedwe. Gwiritsani ntchito manambala a ku Ulaya, komwe batire yakufa imabwezedwa kwa wogulitsa. Ngaukhondo kale.

Pomaliza, pemphani kuti zipangizozi zibwere zochuluka kuposa kale, koma osaikapo ndalama yotolera zakufa kapena yophunzitsa okonza. Pansi penipeni, ndi zilembo zing'onozing'ono, lembani kuti nkhani ya zinyalala ikufunika kafukufuku wapadera. Pofika nthawiyo mabatire adzakhala atachuluka mokwanira, ndipo wodziwa bwino dera lonselo, woyenera ntchitoyo pamodzi ndi alawansi yake, adzakhala inu nomwe.