Ichi Chakoma, Ichi Chakoma: Ng'ombe Nayo Inatsamwa

Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma pusi tamunena mokwanira. Mango akayamba kupsa, cha mu Novembala ndi Disembala, mwambiwu umasamukira kukhola.

Ng'ombe ilibe mano akutsogolo a m'mwamba, ndipo mwambo wake ndi womeza kaye, kutafuna pambuyo pobzikula. Pa udzu nzeru imeneyi imayenda bwino. Koma ikapeza bango, mbatata kapena chitsononkho, n'kuona inzake ikubwera, imangomeza chathunthu. Chinthu chija n'kukhala pammero, osatsika, osabwerera.

Apa ndiye pagona nkhani. M'mimba mwa ng'ombe chakudya chimasasa usana ndi usiku, ndipo mpweya wake umatuluka pogeya. Kwa ife kugeya pagulu n'kupanda mwambo. Kwa ng'ombe ndiwo moyo. Njira ikatsekeka, mimba imafufuma kumanzere n'kupanikiza mapapo. Dovu chuchuchu, khosi yasolola, ndipo pakangopita maola ochepa mudzi wonse ugula nyama pangongole.

Ngongole ndatchulayi ndiye bango la masiku ano. Lero bambo atenga ya pafoni, mawa ya banki mkhonde kudzera mwa mayi, mkuja katapila woti abwezere ziwiri zija. Zonsezi kumeza osatafuna, ati tibzikula pakutha pa mwezi. Mwezi ukatha, malipiro alowa m'mawa, masana atha. Bambo maso ali tuzu, foni yazimitsidwa, ana aphunzitsidwa kunena kuti adadi achokapo, pomwe nsapato zawo zili pakhomo.

Athandizinso sasowa. Wangongole amamulangiza kuti akakongole kwina. Kukhola nako wina amabwera ndi mpini wa khasu kuti akankhire bango m'mimba, wina ndi botolo la mafuta ophikira. Mpiniwo umang'amba mmero, mafutawo n'kulowera m'mapapo, ng'ombe n'kufa ndi chithandizo.

Inu alimi, ng'ombe ikatsamwa ichotsereni chakudya ndi madzi, muthamangire kwa alangizi a ziweto. Iwo ali ndi paipi yoyenera, ndipo amadziwa pobowola kuti mpweya utuluke. Mbatata ndi chinangwa muziduladula musanazipatse, ndipo ziweto zisamadyere pansi pa mitengo ya mango. Kunena za ngongolezo, werengani kaye chiwongoladzanja musanadine batani, poti kumeneko alangizi a ziweto sadzabwera ndi paipi.